Ulendo wa ku Joni kuchokera ku Tete: kudzera ku Zimbabwe, ku Maputo, kapena pa ndege?

Munthu wa ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga kapena ku Moatize akayamba kuganiza za ulendo wa ku Joni, choyamba chimene amafunsa anzake ndi mtengo wa tikiti. Si funso loipa, koma limafulumira. Pali mafunso awiri oyenera kutsogola: mudutsa maboda angati, nanga pobwerera mudzakhala mutasenza chiyani? Ndalama zambiri za paulendowu sizithera pa mpando wa m'basi ayi. Zimathera pa boda, katundu atatsitsidwa pansi, basi itaima kuyambira madzulo mpaka tambala kulira, aliyense wovala yunifolomu akubwera ndi funso lake.

Chigawo chathu chinapanikizika pakati pa mayiko atatu: Malawi kum'mawa, Zambia kumpoto, Zimbabwe kumwera. Wokhala mu mzinda wa Tete ali pafupi ndi Harare, Lilongwe ngakhale Lusaka kusiyana ndi Maputo, likulu la dziko lake lomwe. Ndiye njira zopitira ku South Africa sizichepa. Zenizeni ndi ziwiri za pamsewu, ya ku Zimbabwe ndi ya ku Maputo, kuphatikizapo ndege. Zinazo ndi nthambi chabe, ndipo imodzi mwa izo ndidzaitchula pofuna kukuletsani.

Za pasipoti poyamba

Njira iliyonse imene mungasankhe, chiphaso chathu cha BI sichikulowetsani ku South Africa. Pamafunika pasipoti, ndipo imatengedwa ku SENAMI, ofesi ya Migração. Yambani kuifunsira ulendo udakali kutali, chifukwa situluka tsiku limene inu mwaifunira. Mukakhala nayo kale, onani tsiku lake lothera. Lamulo la South Africa limafuna kuti pasipoti ikhale idakali ndi moyo kwa masiku osachepera 30 kuchokera pa tsiku limene mudzatuluke m'dzikomo, komanso ikhale ndi masamba opanda chidindo.

Kuyambira mu 2005, mwini pasipoti ya Mozambique amalowa ku South Africa popanda viza, n'kupatsidwa masiku osapitirira 30. Ku Zimbabwe, ku Malawi ndi ku Zambia nakonso sitifunsidwa viza. Koma masiku 30 amenewa anthu amawamva molakwa. Si onse amene amapatsidwa athunthu. Wodinda pa windo ali ndi mphamvu yolemba ochepa, ndipo chimene chalembedwa m'chidindocho ndicho lamulo kwa inu. Mukangolandira pasipoti, itseguleni pomwepo, muwerenge tsikulo musanachoke pa windo. Masikuwo ndi ochezera, ogulira katundu, okaonera wodwala. Si chilolezo chogwirira ntchito.

Chilango cha wopitiriza masiku chinakhwima mu 2014. Kale munthu ankalipira chindapusa, pano amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitiriza ndi masiku osakwana 30, zaka 5 ngati wadutsa pamenepo. Kwa mayi amene amadyetsa ana ndi bizinesi ya kaunjika wa nsapato kapena ziwiya za ku Joni, chaka chimodzi chokha chikwana kugwetsa mpamba wonse. Pali ena amapatsira pasipoti dalaivala wa basi kuti akaidinditse pa boda eni ake atakhala phee ku Joni. Anthu amamangidwa nazo zimenezi, ndipo pasipotiyo ikagwidwa m'manja mwa wina simuionanso.

Woyenda ndi mwana atenge cédula kapena kalata ya kubadwa kwa mwanayo. Ngati kholo linalo latsala kumudzi, lilembe kalata yovomereza, ikadindidwe kwa notário. Ndi pepala limodzi lokha, koma likasowa ulendo umathera pa boda ya Cuchamano.

Njira ya ku Zimbabwe

Iyi ndiyo yachidule, ndipo ndi yakale. Agogo athu ankaitsata wapansi popita ku Salisbury (Harare ya lero) ndi ku mapulazi a fodya. M'nthawi ya nkhondo, isanathe mu 1992, magalimoto ankadutsamo pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, kuchokera pa Nyamapanda mpaka pa Zóbuè. Lero mumachoka mu mzinda wa Tete pa msewu wa N7, makilomita pafupifupi 95 kukafika pa Changara, n'kukhotera kudzanja lamanja makilomita ena ngati 50 mpaka pa Cuchamano. Tsidya linalo ndi Nyamapanda. Kuchoka apo mudutsa Mutoko ndi Murewa kukalowa mu Harare, makilomita ngati 240. Harare mpaka Beitbridge, kudzera ku Chivhu ndi Masvingo, ndi pafupifupi 580. Mukawoloka Limpopo mwatsala ndi ngati 540, kudzera ku Musina, Polokwane ndi Pretoria. Zonse pamodzi zikungozungulira pa makilomita 1,500. Basi imatha usana ndi usiku wathunthu, n'kudyako tsiku lachiwiri malinga ndi mmene pa boda pachitira.

Ubwino wake wina ndi wakuti mabasi a ku Malawi opita ku Joni amadutsa pakhomo pathu penipeni. Ochokera ku Blantyre amalowera pa Mwanza ndi Zóbuè, n'kutsikira ku Moatize. Ambiri ochokera ku Lilongwe amalowera pa Dedza ndi Calómuè, n'kudutsa pa Ulónguè kukakumana ndi msewu waukulu pa Mussacama. Apa ndi pamene anthu a ku Angónia amadzivutitsa pachabe. Poona kuti Lilongwe ali pafupi, amawoloka kupita kumeneko kukakwera, kenako basi yomweyo n'kuwabweretsanso pa Calómuè. Zidindo zinayi zapita, tsamba la pasipoti latha, munthu asanayende n'komwe. Nzeru ndi kugula tikiti kudzera mwa m'bale wa ku Lilongwe kapena pa foni, n'kupangana ndi a ofesi ya basiyo kuti adzakutengereni mbali ya kuno. Panganani ndi ofesi, osati kondakitala yekha, ndipo dzina lanu lilowe pa mndandanda wa okwera. Kungoima pamsewu n'kumaimika basi yodutsa n'kotheka, koma mukhoza kukhalira chigubu pakati pa mipando mpaka ku Harare.

Amene alibe mwayi wa basi yolunjika amayenda modukizadukiza: chapa (minibasi) kuchoka ku Tete mpaka pa Cuchamano, kuwoloka wapansi, galimoto ina mpaka ku Harare, kenako basi ya ku Joni pa siteshoni ya Roadport. Kumatsika mtengo pang'ono, ndipo pa boda woyenda yekha ndi kachikwama amadutsa msanga kuposa basi ya anthu 60. Koma musalole kuti dzuwa likuloweleni pa Nyamapanda musanapeze chokwera.

Chilankhulo sichivuta kwenikweni m'njira imeneyi. Amene amamva Chinyungwe amatolako mawu a Chishona, ndipo ku Harare, makamaka ku Mbare, mukalankhula Chichewa pamapezeka wina wokuyankhani, mdzukulu wa anthu akwathu amene anapita kale osabwerako. Ndalama ndiye zofunika kusamala. Zimbabwe inatulutsa ndalama yatsopano ya ZiG mu April 2024, koma wapaulendo safunika kuigwira. Dola ya ku America ndiyo imayenda paliponse, ndipo kuyandikira ku Beitbridge randi amalandiranso. Sungani madola ang'onoang'ono, a 1 ndi a 5, chifukwa chenje chimasowa ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti mutengepo masiwiti. Metikali ikadutsa Nyamapanda palibe amene amaifuna.

Osintha ndalama pa Cuchamano amakuthamangirani musanatsike n'komwe. "Bwerani kuno achimwene, ine ndikupatsani mtengo wabwino." Ambiri ndi anthu ofuna kudyetsa mabanja awo, koma pali ena a manja othamanga. Amawerenga pamaso panu, ndalama n'kukwana bwinobwino, kenako amati dikirani ndionenso, n'kupinda mapepala awiri kuseri kwa chala. Mukafika m'basi mupeza zaperewera. Ndalama ikalowa m'manja mwanu muiwerenge nokha, ndipo isabwererenso kwa iye. Yanuyo muitulutse pomaliza. Koma choposa zonse, sinthani zambiri ku banki kapena ku nyumba yosinthira ndalama mu Tete musananyamuke. Kwa zaka zingapo tsopano dola ku banki yakhala pafupi ndi mametikali 64, ndiye muli ndi poyezera.

Tsono walira mvula walira matope. Matope a njira yachiduleyi ndi Beitbridge. Ndi boda yotanganidwa koposa m'chigawo chino cha Africa, yotsegula usana ndi usiku. Mbali ya Zimbabwe inamangidwanso, n'kutsegulidwa mu 2022, ndipo mabasi, magalimoto ang'ono ndi mathiraki tsopano ali ndi malo awoawo. Zinthu zinapepukako poyerekeza ndi kale. Nawonso msewu wa Harare mpaka Beitbridge wakonzedwa mbali yaikulu. Komabe basi ikafika pali mabasi ena khumi kutsogolo, palibe chimene mungachite. Mumatsika nonse, mzere wa kudinditsa kutuluka, kukweranso, kuwoloka mlatho, kutsikanso, mzere wina mbali ya South Africa, kumene tsopano kuli alonda a bungwe la Border Management Authority.

Popita zimapiririka, chifukwa ambiri timapita ndi katundu wochepa. Pobwerera ndiye pali nkhani. Ngolo ya basi imatsegulidwa, matumba onse a mizeremizere aja, mafiriji okulungidwa m'mabulangete, matayala, zitini za penti, zonse pansi. Aliyense aime pambali pa katundu wake, pakati pa usiku, mwana ali kumsana. Wa msonkho amadutsa ndi tochi, kuloza thumba ili, kutsegulitsa ilo. Akamaliza, anyamata a basi ayambenso kulongedza, ndipo pamenepo ndi pamene thumba limasochera kapena mbale zimasweka. Ndiye kumbukirani kuti katundu wanuyo sakuthera mu Zimbabwe. Adzaonedwanso potuluka pa Nyamapanda, kenako Alfândega yathu pa Cuchamano, imene ndiyo ikulipiritseni msonkho weniweni. Maofesi anayi a msonkho pa katundu mmodzi. Ma risiti a zonse zimene mwagula akhale m'thumba la pachifuwa, osati pansi pa katundu, chifukwa wopanda risiti amamuikira mtengo ndi mwini ofesi.

Mabasi ena amasonkhetsa ndalama kwa okwera akamayandikira boda, amvekere n'zoti tidutse msanga. Ndalama imeneyo ilibe risiti. Ngati mapepala anu ali bwino ndipo katundu wanu mwamulembetsa, palibe chokukakamizani kupereka, ngakhale kuti kukana uli wekha m'basi yodzaza si chinthu chapafupi.

Njira ya ku Maputo

Iyi ndi yaitali ndithu. Pa Changara simukhota, mumapitirira ndi N7 kudutsa Guro ndi Catandica mpaka pa Vanduzi, n'kulowa N6 kudzera mu Chimoio kukafika pa Inchope. Apo mwakumana ndi N1: Muxúnguè, mtsinje wa Save, Maxixe, Xai-Xai, Manhiça, mpaka Maputo. Ndi makilomita opitirira 1,500, ndiye kuti pofika pa Junta, siteshoni ya mabasi ya ku Maputo, mwayenda kale mtunda umene ukanakufikitsani ku Joni mukanadzera ku Harare. Kwatsala ena ngati 550 pa msewu wa N4, kudzera pa Ressano Garcia, Komatipoort, Mbombela ndi eMalahleni. Mabasi a mtunda wautali m'dziko mwathu saloledwa kuyenda pakati pa usiku, choncho mumanyamuka m'bandakucha, kukagona panjira m'basi momwemo, n'kufika ku Maputo tsiku lotsatira. Mukawonjeza kudikira basi ya ku Joni, ulendo wonse umadya masiku awiri ndi theka kapena atatu. Zigawo zina za N1, makamaka pakati pa Inchope ndi Save, zakhala zokumbika kwa zaka zambiri, moti msana umadziwa kuti wayenda.

Nanga munthu angasankhirenji chizunzo chotere? Chifukwa boda ndi imodzi yokha. Kuchoka pa Ulónguè mpaka pa Ressano Garcia muli m'dziko lanu, metikali ikugwira ntchito, M-Pesa ndi e-Mola zikuyenda, foni ikugwira popanda kusintha khadi. Mukadwala panjira mulowa chipatala cha boma ngati nzika. Ndalama zikakutherani pa Maxixe, a kunyumba akutumizirani pa foni nthawi yomweyo. Pasipoti imadindidwa kawiri popita, kawiri pobwera, pamene ya ku Zimbabwe imadya zidindo zinayi ulendo umodzi. Kwa woyenda mwezi ndi mwezi, kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti pasipoti idzaze isanathe zaka zake.

Phindu lalikulu lili pa katundu. Mukalipira Alfândega pa Ressano Garcia n'kulandira pepala lake, katunduyo walowa m'dziko, basi. Panjira akhoza kukuimitsani kuti aone, koma pepalalo limakuyankhirani. Amayi a mukhero, oodetsa katundu kunja kudzagulitsa, a kummwera akhala akuchita bizinesi yawo pa boda imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo mukakhala pafupi ndi mmodzi wa iwo m'basi, mufunseni mwaulemu, adzakuuzani windo loyambira. Chovuta n'chakuti katunduyo muyenera kumusamutsa ku Maputo, kuchoka pamene yakutsitsani basi ya ku Joni kupita pa Junta, n'kumulipiriranso pa basi ya ku Tete. Pa Junta pali piringupiringu, ndipo Chichewa sichikuthandizani kumeneko. Ndi Chipwitikizi kapena Chichangana. Amene sukulu inawadutsa pang'ono ayende ndi mnzawo wodziwa kulankhula.

Ine maganizo anga ndi awa. Wopita kukaona abale, wopita ku maliro, wonyamula chikwama chimodzi, adzere ku Zimbabwe popita ndi pobwera pomwe. Wokaoda katundu wambiri, kapena wokagula chinthu chodula ngati makina a chigayo, injini ya pampu kapena zipangizo za sola, apite kudzera ku Zimbabwe manja ali lende, koma aganizire mofatsa zobwerera ku Maputo. Tsiku limodzi lowonjezera panjira n'lotsika mtengo kusiyana ndi kutsitsa katundu wotere pa maboda awiri. Matikiti a mbali imodziimodzi amaposa pang'ono wopita ndi kubwera, koma kusiyanako n'kochepa mukakuika pambali pa mtengo wa katunduyo.

Njira ya kummwerayi ili ndi nyengo zake zoipa. Madzi osefukira a mu 2000 ndi a mu 2013 anadula N1 m'chigwa cha Limpopo kufupi ndi Xai-Xai, ndipo ikaduka pamenepo palibe msewu wina wabwino wolambalala. Mavuto a ndale nawo amaigwera msanga. Mu 2013 ndi 2016 magalimoto ankadutsa pakati pa Muxúnguè ndi Save moperekezedwa ndi asilikali, ndipo mu November 2024, pa zipolowe za pambuyo pa chisankho, South Africa inatseka boda ya Lebombo, ya tsidya lina la Ressano Garcia, kwa kanthawi. Dziko likatekeseka, wa ku Tete ali ndi mwayi umene wa ku Gaza alibe, wotulukira ku Zimbabwe. Koma nafenso mvula imatipeza: mu January 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Moatize ndi Tete. Kuyambira January mpaka March, imbirani foni munthu amene wangodutsa kumene musanagule tikiti.

Ndege

Pa bwalo la Chingodzi ku Tete pamatera ndege ya Airlink yochokera ku Johannesburg, ulendo wa maola ngati awiri. Ndege ya kwathu ya LAM imapita ku Maputo, kumene mungalumikize ina. Wa ku Angónia alinso pafupi ndi bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kusiyana ndi Chingodzi, pakuti Ulónguè mpaka Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo ku Lilongwe kumanyamuka ndege za ku Johannesburg. Apa pokha ndi pamene kuwolokera ku Malawi kuli ndi nzeru. Yerekezani mitengo ya mabwalo awiriwa musanalipire.

Mtengo wa ndege umaposa wa basi kangapo, ndipo ya ku Tete imadula chifukwa okwera ambiri ndi a ku migodi ya malasha ya ku Moatize, olipiriridwa ndi makampani. Katundu ndi wa pa sikelo. Wa bizinesi ya matumba asaiganizire n'komwe. Koma pali anthu amene sindingawalole kukwera basi ndikanakhala ndi mphamvu: wodwala amene akupita kukaonana ndi dokotala, mayi wodwala pakati miyezi itapita, nkhalamba ya miyendo yotupa. Kukhala pampando maola opitirira 24, chimbudzi chili cha pa boda, kumamuonjezera munthu matenda. Abale akasonkherana ya ndege mbali imodzi yokha, yopita, achita chinthu chanzeru. Pa bwalo la OR Tambo amafunsa kawirikawiri tikiti yobwerera ndi adiresi ya kumene mukafikire, choncho zikhale zolembedwa papepala.

Galimoto yanuyanu

Anthu anayi kapena asanu a banja limodzi akhoza kuona ngati galimoto yawo iwapulumutsa ndalama. Pa mafuta pokha n'zoona. Koma galimoto nayo ili ndi mapepala ake: livrete, título de propriedade, ndi kalata ya mwini wake ngati si yanu. Polowa mu Zimbabwe mumatenga chilolezo cha kanthawi cha galimoto ku ZIMRA, ofesi yawo ya msonkho, kulipira inshuwalansi ya kumeneko ndi misonkho ina ya pamsewu, kenako mageti olipira panjira, ndi malipiro owolokera pa Beitbridge. Ku South Africa nakonso N1 ndi N4 zili ndi mageti ambiri. Mukaphatikiza zonse, njira ya ku Zimbabwe pa galimoto siitsika mtengo monga mmene mapu akuonetsera, ngakhale imakhalabe yachidule ndi makilomita ngati 600. Amene safuna kulimbana ndi misewu ya mu Harare akhoza kupitirira mpaka pa Vanduzi, kulowera pa Machipanda, n'kudzera ku Mutare, Birchenough Bridge ndi Masvingo. Mtunda sukusiyana kwambiri. Usiku musayendetse, kulikonse: ng'ombe ndi abulu a pakati pa Masvingo ndi Beitbridge amagona pa tala.

A ku Chifunde ndi ku Marávia nthawi zina amafunsa za kudzera ku Zambia, kutulukira pa Cassacatiza, kupita ku Lusaka, kuwoloka mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, n'kutsika ndi Botswana. Madalaivala a mathiraki ena amaikonda pothawa Beitbridge. Kwa wokwera basi ndi maboda atatu ndi makilomita opitirira 2,000 kuchokera pa Katete. Pokhapokha muli ndi chochita ku Lusaka, isiyeni.

Njira ya opanda mapepala

M'midzi mwathu simusowa munthu wodziwika kuti amawolotsa anthu. Amauza mnyamata kuti pasipoti n'kutaya nthawi, angolipira, akafika. Makolo amagulitsa ng'ombe kapena mbatata ya dimba lonse. Mnyamatayo amakwezedwa m'thiraki kapena m'kabasi kodzaza, pa boda amatsitsidwa kuti azungulire kutchire, ndipo pa Limpopo amawoloka usiku. M'tchire la pakati pa Beitbridge ndi Musina muli achifwamba otchedwa maguma-guma, amene amalanda, kumenya ndi kugwirira, podziwa kuti wopanda mapepala sakadandaula ku polisi. Mtsinjewo ukadzaza umatenga anthu, ndipo muli ng'ona. Ena akafika ku Joni amatsekeredwa m'nyumba mpaka abale atumize ndalama zina zimene sizinali m'pangano.

Ife a ku Tete sitifunika kuuzidwa ndi wina za mathiraki otsekedwa. Mu March 2020, pa sikelo ya pa Mussacama, m'kontena ya thiraki yochokera ku Malawi munapezeka mitembo 64 ya anthu a ku Ethiopia amene anafa chifukwa chosowa mpweya. Anali pa msewu womwewu, kulowera komwe ana athu amalowera. Ndipo wofika bwinobwino amakhala moyo wothawathawa, mpaka tsiku limene adzagwidwe n'kutumizidwa ku Lindela, malo osungira ogwidwa ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Chimandipweteka n'chakuti ndalama imene amapatsa wowolotsayo nthawi zambiri ikanakwana pasipoti ndi tikiti ya basi. Inu akuluakulu, mwana akakakamira ulendo, ng'ombeyo igulitsidwe ndithu, koma ndalamayo iyambe yapita ku Migração.

Kamba ndi nyengo

Abale a ku Joni akamva kuti mukubwera amayamba kuitanitsa: nyemba za ku Angónia, kapenta, nsomba za chicoa za ku Cahora Bassa, ufa woyera. Tengani zochepa, zouma, zomanga bwino. A zaulimi pa boda ya South Africa amalanda nyama, zipatso ndi mbewu zobzala, ndipo sakambirana. Phukusi la munthu wina limene simunaone m'kati mwake musalandire, ngakhale wopatsayo ndi wa mpingo wanu. Likapezeka ndi kanthu, mwini wake ndi amene walinyamula.

Wochokera mu mzinda wa Tete, wozolowera kutentha kopitirira madigiri 40 mu October, amanyamuka ndi malaya amodzi n'kukazizidwa koopsa. Joni mu June ndi July imazizira ngati ku Tsangano, mwinanso kuposa, ndipo basi imafika pa siteshoni ya Park Station nthawi zina kusanache. Juzi ndi bulangete zikhale pampando, osati m'ngolo. Wokuchingamirani adziwe dzina la basi, ndipo nambala yake muilembe papepala, chifukwa foni ya kwathu ikhoza kukhala chete mukangowoloka. Ngati sanafike, dikirani m'kati mwa siteshoni mpaka kuyere. Khadi ya foni ya kumeneko imalembetsedwa ndi pasipoti. Nthawi ndi imodzimodzi m'mayiko onsewa, wotchi simusintha.

Mwezi wa December ndi sabata ya Pasaka maboda onse awiri amadzaza, Beitbridge ndi Ressano Garcia yemwe. Chapakati pa December khamu limakhala likutuluka mu South Africa, kumayambiriro kwa January likubwerera. Wochokera kuno amene akupita ku Joni masiku a Khirisimasi asanakwane akuyenda mosemphana ndi khamulo, ndipo amadutsa mosavuta. Vuto limamupeza akafuna kubwerera pakati pa 15 ndi 24 December, pamene mipando inatha kale ndipo mitengo yakwera. Ngati masiku anu 30 akuthera m'sabata imeneyo, tikiti yobwerera muigule tsiku lomwe mwafika pa Park Station, ndipo ikhale ya masiku atatu kapena anayi chidindo chisanathe, kuti basi ikafa panjira kapena mzere ukatalika pa Musina mudzatulukebe nthawi idakalipo.